Dennis Johnson, mnyamata wa pa forklift amene anakatenga zikho zitatu za NBA

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, aliyense wa ku Mgona, ku Area 25 kapena kwa Senti amadziwa momwe kumachera: anyamata ali ndandanda pa mageti a makampani, wina wanyamula envulopu ya makalata, wina wangobwera ndi mphamvu zake basi. Mwa ntchito zonse za m'kati muja, ya pa forklift ndi imene ambiri amaisirira, chifukwa iwe uli pampando pamene anzako akulimbana ndi mabelo. Lero ndikufuna ndikuuzeni za munthu amene anagwirapo ntchito yomweyi kutali ku America, akulandira madola 2.75 pa ola, koma zaka khumi zisanathe anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu fainolo ya NBA. Dzina lake ndi Dennis Johnson, ambiri ankangoti DJ. Anamwalira mu 2007, ambiri a ife tili ku pulayimale, ena tisanayambe n'komwe.

Mukafunsa mafana amene amavala majezi a Lakers ogula pa kaunjika, akutchulirani LeBron James, Stephen Curry ndi Michael Jordan. DJ samudziwa, ndipo sindiwada. Ntchito yake yaikulu inali yotchinga, kukakamira munthu mpaka atope, ndipo zoterezi sizilowa m'timavidiyo ta pa TikTok.

Anabadwa pa 18 September 1954 ku San Pedro, dera la kudoko mumzinda wa Los Angeles, n'kukulira ku Compton. Kwa inu okonda hip hop dzina la Compton si lachilendo, ndi kwawo kwa Dr. Dre ndi Kendrick Lamar. Bambo ake anali mmisiri womanga nyumba za njerwa, mayi ake ankagwira ntchito yothandiza mabanja ovutika. M'nyumbamo munabadwa ana 16, iye wachisanu ndi chitatu. Ana 16, abale. Ife kuno tikangokwana asanu ndi awiri, ndiwo zimatha wina akusamba m'manja.

Ku sekondale ya Dominguez anali wamfupi, mamita 1.75, amene pa basketball ndi msinkhu wa kamwana. Ankangokhalira pa benchi, akamulowetsa ndi mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Ku America njira ya wosewera imayenda motere: ukaoneka bwino ku sekondale, yunivesite imakutenga n'kukulipirira sukulu kuti uziisewerera, ndipo ukaonekanso bwino kumeneko matimu a NBA amakusankha pa mwambo wa chaka ndi chaka wotchedwa draft. DJ anagwa pa sitepe yoyamba yomwe. Palibe yunivesite imene inamufuna. Anamaliza sekondale n'kulowa m'maganyu, forklift ija ili m'gulu lomwelo, akaweruka n'kumakasewera ndi abale ake m'timaligi ta m'madera ta nthawi yotentha.

Ndi m'zaka zimenezi pamene thupi lake linamukumbukira. Anatalika mochedwa mpaka mamita 1.90, miyendo n'kulimba moti ankadumpha kulanda mipira pamwamba pa anthu omuposa msinkhu. Jim White, mphunzitsi wa timu ya Los Angeles Harbor College, anamuona akusewera m'makhothi a m'misewu. Chimene chinamukoka si kuponya ayi, koma momwe mnyamatayo ankatchingira. Anamuuza kuti akalembetse sukulu pa koleji pawo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhani ngati izi anthu amakonda kuzisandutsa ulaliki woti ukangolimbikira zitheka. DJ analimbikira, inde, koma panalinso makwerero oti akwerepo. Harbor ndi koleji ya boma ya zaka ziwiri, ndipo nthawi imeneyo makoleji otere ku California sankalipiritsa fizi, anadzayamba kulipiritsa mu 1984. Ankalandira ngakhale amene sanakhoze bwino ku sekondale. Anali ndi matimu, aphunzitsi olipidwa ndi ligi yawoyawo. Panalinso timaligi tija, pomwe woyendetsa forklift amatha kukumana ndi mphunzitsi wa koleji pa khothi limodzi. Kunena kwina, mwana wophonya khomo loyamba ankapeza lachiwiri lili chitsegukire.

Nanga kuno? Mnyamata wa ku Mgona wamaliza Fomu 4, mapointi a MSCE sanamulole, watalika mochedwa ali ndi zaka 19, akusenza mabelo ku okushoni. Akasewere kuti? Makhothi ambiri abwino mu Lilongwe ali m'mipanda ya masukulu ndi mipingo, ndipo masewero akuluakulu amachitikira malo ngati ABC Blue Gym ku Area 47, komwe kuchokera kuno ndi minibasi ziwiri. Sindikunyoza zomwe zilipo. CEZOBAL ikuyendetsa ligi ya chigawo chapakati pansi pa BASMAL, ndipo Bravehearts ya mu Lilongwe mommuno yakhala ikupikisana nawo m'masewero odzigulira malo mu Basketball Africa League, chinthu chomwe kale chikanamveka ngati nthabwala. Koma ana ambiri amene amafika m'matimu amenewa amaonedwa adakali pa sukulu. Wochedwa kukula ngati DJ, amene wasiya kale yunifolomu, palibe amene amapita kukamufunafuna. Ine ndinalekezera yunivesite panjira chifukwa cha fizi, ndiye nkhani ya khomo lachiwiri imandikhudza kuposa ya zikho.

Tibwerere ku Harbor. DJ anasewera bwino kwabasi, mapointi 18 ndi mipira yolanda 12 pa masewero aliwonse, ndipo timuyo inatenga chikho cha makoleji ang'onoang'ono a mu California. Koma anali wamakani. Iye ndi White ankangokhalira kukangana, moti m'zaka ziwiri anachotsedwa mu timu katatu konse. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza. Mbiri ya makani ake inamutsogolera, ndipo mayunivesite awiri okha, Azusa Pacific ndi Pepperdine, ndi amene anamupatsa malo. Anasankha Pepperdine, n'kuseweramo chaka chimodzi chokha.

Mu 1976 timu ya Seattle SuperSonics inamusankha pa nambala 29, mu raundi yachiwiri, pomwe nthawi zambiri pamakhala anthu oti akangodzaza benchi. Mphunzitsi wa Seattle nthawiyo anali Bill Russell, amene anatenga zikho 11 akusewerera Boston Celtics, komanso munthu wakuda woyamba kuphunzitsa timu ya NBA. Russell anatchuka ndi kutchinga, ndiye sizodabwitsa kuti mnyamata wa mtundu wa DJ anapeza malo kwa iye. Chaka choyamba DJ ankalowa kuchokera pa benchi. Chaka chachiwiri Russell anali atachoka, timu inayamba moipa zedi, kupambana masewero 5 okha mwa 22, mpaka anabweretsa Lenny Wilkens kukhala mphunzitsi. Wilkens anamuika DJ m'gulu la oyamba asanu pambali pa Gus Williams, ndipo timu yomwe ija inasanduka ina, inakafika mpaka mu fainolo ya 1978 kukakumana ndi Washington Bullets.

Fainolo ya NBA si masewero amodzi ngati ya FDH Bank Cup. Matimu amakumana mpaka kasanu ndi kawiri, woyamba kupambana kanayi ndiye mwini chikho. Mu 1978 anafika pa 3-3, masewero omaliza ali pakwawo ku Seattle. Usiku umenewo DJ anaponya mipira 14. Inalowa ndi ingati? Palibe, ngakhale umodzi. Seattle inagonja 105-99. Taganizani zikanakhala masiku ano, ma meme akanayenda bwanji pa Facebook. Mwini wake sanabise, anavomera poyera kuti mantha anamugwira ndipo zoterozo sadzalolanso.

Chaka chotsatira matimu omwewo anakumananso mu fainolo. Seattle inagonja masewero oyamba, kenako n'kupambana anayi otsatizana. DJ ankamwetsa mapointi pafupifupi 23 pa masewero aliwonse, kulanda mipira 6 ndi kupereka mapasi a chigoli 6, uku akutchingabe ngati kale. Anamusankha kukhala wosewera bwino koposa mu fainoloyo, ali ndi zaka 24. Chikho cha 1979 chimenechi n'chokhacho chomwe mzinda wa Seattle unatengapo mu NBA, chifukwa timuyo inadzasamukira ku Oklahoma City mu 2008.

Mukuganiza kuti munthu wotere amusunga? Ayi ndithu. Makani aja anabwereranso, iye ndi Wilkens sankamwerana madzi, ndipo mu 1980 anamusinthanitsa ndi Paul Westphal wa Phoenix Suns. Ku Phoenix anakhalako zaka zitatu, mu 1981 analowa m'gulu la osewera asanu abwino koposa mu ligi yonse, koma nakonso iye ndi mphunzitsi John MacLeod sizinkayenda. Mu 1983 anamutumiza ku Boston posinthana ndi Rick Robey, wosewera wa pa benchi. Mtengo wake unali utatsika choncho, osati chifukwa cha miyendo koma pakamwa.

Ku Boston anamutenga ndi cholinga chimodzi. Panali Andrew Toney wa Philadelphia 76ers amene ankawazunza chaka ndi chaka, ndipo mkulu wa timuyo, Red Auerbach, ankafuna munthu woti azimumata. DJ anapeza Larry Bird, Kevin McHale ndi Robert Parish, anthu oti mapointi amamwetsa okha, ndiye iye anasintha kaseweredwe. Ku Seattle anali wodumpha ndi womwetsa, ku Boston anasanduka woyendetsa timu, wogawa mipira. Mphunzitsi wake anali K.C. Jones, munthu wofatsa amene naye pa nthawi yake anali wotchinga wa Celtics, ndipo kwa nthawi yoyamba DJ anakhazikika. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe mphunzitsi wa m'tsogolo anabadwira, chifukwa woyendetsa timu amayenera kudziwa pomwe anzake anayi aima komanso pomwe adani asanu akulowera.

Mu fainolo ya 1984 anakumana ndi Los Angeles Lakers ya Magic Johnson. Dzina n'limodzi koma panalibe ubale. Masewero atatu oyamba Magic ankachita zofuna zake, Lakers ili patsogolo 2-1. Kuyambira pa masewero achinayi Jones anamupatsa DJ ntchito yomumata Magic. Zinthu zinatembenuka: Magic anayamba kutaya mipira nthawi yofunika, ndipo DJ anamwetsa mapointi 20 kapena kuposerapo m'masewero anayi onse otsalawo. Boston inatenga chikho 4-3. Mu 1985 matimuwa anakumananso, DJ anaponya mpira wopambanitsa masewero achinayi belu lomaliza likulira, 107-105, komabe chikho chinapita ku Lakers. Mu 1986 Boston inapambana masewero 67 mwa 82 a mu ligi, n'kugonjetsa Houston Rockets mu fainolo. Chikho chachitatu cha DJ chinali chimenecho.

Pali kavidiyo kamodzi komwe mwina munakaonapo osadziwa kuti iye alimo. Ndi ka 1987, Boston ikusewera ndi Detroit Pistons polimbirana malo a mu fainolo. Kwatsala masekondi asanu, Detroit ikutsogola 107-106 ndipo mpira ndi wawo. Isiah Thomas akuuponya kuchokera kunja kwa mzere, Bird akuulanda. Aliyense amakamba za Bird, ndipo n'zomveka. Koma Bird anaulandira mpirawo ali pafupi kugwera kunja, kumbuyo kwake kuli adani. Mukakaoneranso pa YouTube, musayang'ane Bird, yang'anani nambala 3. Anzake akadali chiimire, DJ wayamba kale kuthamangira ku basiketi. Bird akumupatsira, iye akuugoneka m'kati kwatsala sekondi imodzi, 108-107. Popanda kuthamanga kumeneko, kulanda kwa Bird kukanathera m'manja mwa oonerera. Moyo wonse wa DJ uli m'masekondi amenewo: iye ndi amene anamaliza ntchito, dzina la kavidiyoko n'la wina. Bird yekha ankadziwa, ndipo ananenapo kangapo kuti mwa onse amene anasewera nawo timu imodzi, wabwino koposa anali DJ.

Anali ndi kachizolowezi kena kosangalatsa. Akamuchitira faulo n'kupatsidwa mipira yaulere, asanaponye ankaugunditsa mpira pansi kuchuluka kofanana ndi zaka zomwe wakhala mu ligi. Pofika kumapeto, oonerera ku Boston Garden ankawerengera naye limodzi.

Anasiya kusewera mu 1990 atatha zaka 14 mu NBA: masewero 1,100, mapointi 15,535, kasanu mu All-Star, ndipo zaka 9 zotsatizana ali m'gulu la otchinga abwino koposa. Pa 13 December 1991 Celtics inapachika nambala 3 kudenga la bwalo lawo, kutanthauza kuti palibenso wina adzaivale.

Tsopano gawo lomwe ambiri salikamba. DJ ankafuna kukhala mphunzitsi wamkulu wa timu ya NBA, ndipo mukayang'ana amene anamuphunzitsa, zinkaoneka ngati njira ndi yolambula. Russell, Wilkens ndi K.C. Jones onse anali osewera akuda amene anasanduka aphunzitsi n'kutenga zikho. Iye anadutsa m'manja mwa atatu onsewo. Anayamba ngati wofufuzira Celtics osewera, ndipo mu 1993 anakhala wothandizira mphunzitsi. Tsoka lake, zinali zaka zowawa ku Boston. Bird ndi McHale anali atapuma, timu inkangogwa, mpaka mu 1996-97 inapambana masewero 15 okha mwa 82. Atabwera Rick Pitino mu 1997 ndi anthu akeake, DJ ntchito inamuthera.

Chaka chomwecho, mu October, apolisi ku Florida anamugwira pomuganizira kuti anaopseza mkazi wake ndi mpeni pa mkangano wa m'nyumba. Mlanduwo unathetsedwa patapita miyezi ingapo mkaziyo atakana kuupitiriza, ndipo banjalo linapitirira. Khoti silinamupeze wolakwa, ndiye ine sindimuweruza. Koma sindingakulembereninso mbiri yake ngati ya mngelo, chifukwa tonse kuno tikudziwa momwe nkhani za nkhanza za m'banja zimathera, mayi akapita kupolisi m'mawa, madzulo ankhoswe amunyengerera kale kuti akatseketse. Ukali womwe unkamuthandiza pa khothi unali ndi mbali ina yomwe a m'nyumba mwake anaiona. Ndipo kwa eni matimu amene ankamuona kale ngati munthu wovuta, nkhaniyi inangowonjezera chifukwa chomutsekera khomo.

Anakayambiranso pansi. Mu 1999 anakaphunzitsa La Crosse Bobcats, timu ya mu ligi yaing'ono ya CBA, m'katauni kozizira ka ku Wisconsin. Munthu wa zikho zitatu, amene nambala yake ili kudenga ku Boston, akuyenda ndi anyamata olandira tindalama tochepa m'mabwalo opanda makamera. Mu 2000 anabwerera mu NBA ngati wothandizira mphunzitsi ku Los Angeles Clippers, timu yomwe masiku amenewo inali choseketsa cha ligi yonse. Mu March 2003 Clippers inachotsa mphunzitsi Alvin Gentry n'kumupatsa DJ timu kuti angomalizitsa chaka. Anatsogolera masewero 24, kupambana 8, kugonja 16. Chaka chitatha anabweretsa Mike Dunleavy. Mwayi wake wonse ngati mphunzitsi wamkulu mu NBA unathera pomwepo, masewero 24 ndi timu yomwe anaipeza itafa kale.

Ena amati sanali mphunzitsi wabwino, manambala akuonetsa. Ine ndimakana. Masewero 24 ndi timu ya wina, yomwe osewera ake akudziwa kuti iwe ndi wongogwirizira, sangakuuze kanthu za munthu. Zili ngati zomwe timaona mu Super League yathu, kochi wachotsedwa timu ili kumunsi kwa tebulo, wachiwiri wake apatsidwa masewero asanu otsala, timu ikatuluka mu ligi onse n'kumaloza iye.

Atagwirako ntchito yofufuzira Portland Trail Blazers osewera, mu 2004 anatenga Florida Flame ya mu ligi yokonzekeretsa osewera ya NBA, yomwe pano imatchedwa G League, ndipo mu 2005 anapita ku Austin Toros ku Texas. Ligi imeneyi ndi ya anthu ophonya khomo loyamba: amene draft inawadumpha, amene anachotsedwa m'matimu akuluakulu, amene akudikira foni ya kontrakiti ya masiku khumi. Mphunzitsi wa kumeneko ntchito yake ndi yachilendo, chifukwa wosewera wake akangochita bwino amamulanda pakati pa chaka, iye n'kuyambanso ndi wina. Pa aphunzitsi onse amene anyamata amenewo akanapatsidwa, sindikuona wina wowayenera kuposa uyu, amene anakhalapo pa benchi ku sekondale, anayendetsapo forklift, anachotsedwapo mu timu katatu, anaphonyapo mipira 14 dziko lonse likuonera. Akamuuza mnyamata kuti malo mu timu amapezeka ndi kutchinga osati kuponya kokha, sankawerenga m'buku.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 22 February 2007, atangomaliza kuphunzitsa anyamata ake ku Austin Convention Center, anagwa mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima. Anathamangira naye kuchipatala koma sanadzukenso. Anali ndi zaka 52, anasiya mkazi ndi ana atatu.

Zaka zonse zomwe anali moyo atasiya kusewera, a Naismith Basketball Hall of Fame, nyumba yolemekeza akatswiri a masewerowa ku Springfield, ankangomudumpha, pamene Bird, McHale ndi Parish onse anali atalowa kale. Dzina lake linalowa mu 2010, pamodzi ndi Scottie Pippen ndi Karl Malone. Ulemuwo anakaulandira ndi a m'banja lake, mwini wake atagona m'manda zaka zitatu.